Mankhwala a Chikhodzodzo: Kuyeza Kutsogole, Piritsi Lidze Pambuyo

 Nkhani ya lero ikukhudza vuto limene anthu ambiri amakhala nalo koma owerengeka okha ndiwo amalitchula pakamwa, vuto la mkodzo umene umatuluka mwini wake asanafune, kapena umene umamuthamangitsira kuchimbudzi usana ndi usiku osamupatsa mpata wopuma. Funso limene litsogolere nkhani yonse ndi ili: kodi alipo mankhwala a vutoli, ndipo ngati alipo, amathandiza yani? Yankho lake ndi lakuti mankhwala alipo ndithu, koma sathandiza aliyense, chifukwa kudontha kwa mkodzo kuli ndi magwero osiyanasiyana, ndipo piritsi limene lapumitsa munthu mmodzi likhoza kuvulaza mnzake. N'chifukwa chake mfundo yaikulu ya lero, imene ibwerezedwe kangapo, ndi iyi: kuyeza kutsogole, piritsi lidze pambuyo.

Poyamba ndi bwino kufotokoza mmene chikhodzodzo chimagwirira ntchito. Chikhodzodzo ndi thumba la minofu limene lili m'munsi mwa mimba, kuseri kwa fupa la pachinena, ndipo ntchito yake ndi kusunga mkodzo umene impso ziwiri zimasefa kuchokera m'magazi nthawi zonse, munthu ali maso ngakhale ali mtulo. Kwa munthu wamkulu thumbali limatha kusunga mkodzo wokwana pafupifupi theka la lita. Likamadzaza, mnofu wa thumbalo umamasuka kuti lifutukuke, pamene minofu ya pakamwa pake imakhala yomanga ngati luzi pathumba la chimanga. Ikafika nthawi yotaya, zinthu zimatembenuka, mnofu wa thumba umafinya ndipo luzi lija limamasuka. Amene amalamula kusinthanaku ndi ubongo, umene umatumiza uthenga kudzera m'mitsempha yodutsa mumsana. Choncho mkodzo ukamadontha, cholakwika chikhoza kukhala pathumba, paluzi, panjira yotulukira, kapena pauthenga wochokera kuubongo. Malo anayi osiyana sangakonzedwe ndi chida chimodzi.

Tsopano nkhani ifike pamitundu ya vutoli. Mtundu woyamba ndi umene m'nkhani ino utchedwe chikhodzodzo chopupuluma. Pamenepa mnofu wa thumba umayamba kufinya thumbalo lisanadzaze, ubongo usanapereke chilolezo, ndipo munthu amamva mkodzo wadzidzidzi umene sulola kudikira. Mayi amene ali pakati pa mapemphero m'tchalitchi, kapena bambo amene wakwera minibasi pa Madisi kulowera ku Lilongwe, amangomva kuti ayenera kutuluka pompano, ndipo nthawi zina mkodzo umayamba kutsika asanafike pakhomo pa chimbudzi. Ena zimawachitikira akangomva madzi akutsika pamjigo, kapena akagwira madzi ozizira m'mawa wa mwezi wa June, pamene chisanu cha m'mapiri a Ntchisi chalimba. Achipatala amayamba kuganizira za vutoli munthu akamakodza ka 8 kapena kuposerapo patsiku, namadzukanso kangapo usiku, pamene palibe matenda ena amene apezeka.

Mtundu wachiwiri ndi wa luzi lofooka. Apa thumba lili bwinobwino, koma minofu ya pansi pa chiuno, imene imachirikiza chikhodzodzo ndi chiberekero, yalema, kotero kuti mkodzo umathawa pang'ono munthu akatsokomola, akayetsemula, akaseka, akatukula ndowa ya madzi kuika pamutu, kapena akasenza mtolo wa nkhuni pokwera chitunda. Palibe chenjezo lililonse, munthu amangozindikira kuti chitenje chanyowa. Vutoli limapezeka kwambiri mwa amayi amene abereka kangapo ndiponso amene anasiya kusamba, ndipo limakula ndi kunenepa kwambiri, kudzimbidwa, ndi chifuwa chosatha monga cha anthu osuta fodya.

Mtundu wachitatu ndi wa kusefukira, ndipo umakonda abambo achikulire. M'munsi mwa chikhodzodzo cha mwamuna muli kachiwalo kotchedwa pulositeti, kamene kamazinga njira ya mkodzo ngati mphete pachala, ndipo munthu akamakula kachiwaloka kamakulanso mpaka kupana njirayo. Mkodzo umachedwa kuyamba, umatuluka mofooka ndi modukiza, thumba silitha kukhuthula zonse, ndipo potsiriza limadzaza n'kumasefukira ngati ndowa yoiwalidwa pansi pa mpopi. Matenda a shuga amene akhalitsa amathanso kubweretsa kusefukira kotereku, kwa amuna ndi akazi omwe, chifukwa amawononga mitsempha imene imauza thumba kuti lifinye.

Mtundu wachinayi ndi fisitula, ndiko kuti chibowo chimene chimatseguka pakati pa chikhodzodzo ndi njira ya abambo mwa mayi amene anavutika nthawi yaitali pobereka. Apa mkodzo sudikira chifuwa kapena chitunda. Umangotsika usana ndi usiku, osaleka.

Nanga pamitundu inayiyi, kodi mapiritsi a chikhodzodzo amathandiza uti? Amathandiza mtundu woyamba, wa chikhodzodzo chopupuluma. Mtundu wachiwiri umafuna kulimbitsa minofu, wachitatu uli ndi mankhwala akeake osiyana kotheratu, ndipo wachinayi umafuna opaleshoni. Munthu amene wagula piritsi chifukwa chakuti linathandiza mlamu wake, asanadziwe kuti vuto lake ndi la mtundu uti, akufanana ndi mlimi wothira feteleza m'munda wa chimanga chimene chikudyedwa ndi mbozi. Safunsa anadya phula.

Nkhani isanafike pamankhwala enieniwo, palinso zinthu zina zimene zimavala nkhope ya chikhodzodzo chopupuluma pamene gwero lake lili kwina. Choyamba ndi tizilombo tolowa m'njira ya mkodzo, timene timachititsa munthu kukodza pafupipafupi ndi kumva kuwotcha pokodzapo, ndipo timatha ndi mankhwala opha tizilombo amene achipatala asankha. China ndi likodzo, limene anthu a ku Dowa ndi Ntchisi amalitenga akatsikira kunyanja ku Salima ndi Nkhotakota, kapena akamagwira ntchito m'madzi oima a m'madambo momwe muli nkhono. Mazira a nyongolotsi zake amabaya khoma la chikhodzodzo, mkodzo umatuluka ndi magazi kumapeto, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawidwa kwa ana m'sukulu. Likodzo likalekereredwa zaka zambiri limaumitsa chikhodzodzo ndipo limatha kuyambitsa khansa. Matenda a shuga nawo amachulukitsa ludzu ndi mkodzo. Ngakhale mankhwala a BP, monga hydrochlorothiazide amene ambiri amalandira kuchipatala, ndi furosemide amene amaperekedwa kwa otupa miyendo chifukwa cha mtima, ntchito yawo ndi kuchotsa madzi m'thupi kudzera mumkodzo. Wodwala asasiye yekha mankhwala amenewa, chifukwa kuthamanga kwa magazi kukabwerera kumabweretsa sitiroko; m'malo mwake afotokozere achipatala, amene nthawi zambiri amangolangiza kumwa mankhwalawo m'mawa kuti usiku munthu agone.

Apa ndi pamene kuyeza kumaonetsa phindu lake. Kodi munthu akafika kuchipatala cha Bowe, cha Madisi, cha Mponela, kapena kuchipatala cha boma ku Dowa ndi ku Ntchisi, chimachitika n'chiyani? Achipatala amayamba ndi mafunso: mkodzo umathawa nthawi yanji, pamakhala chenjezo kapena ayi, muli magazi kapena kuwotcha, munthuyo wabereka kangati, akumwa mankhwala anji. Kenako amayeza mkodzo, amabaya chala kuona shuga, amagwira pamimba kuti amve ngati thumba latsala lodzaza, ndipo ngati nkofunika amamutumiza kuchipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Wodwala angathandize kwambiri ngati kwa masiku atatu asanapite awerenga maulendo ake a kuchimbudzi. Wosatha kulemba akhoza kuponya njere ya chimanga m'kachitini paulendo uliwonse wa masana, ndi njere ya nyemba paulendo uliwonse wa usiku, ndipo njerezo zidzamuyankhulira pamaso pa anamwino pamene manyazi amanga lilime. Buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale a zitsamba, apite nazo.

Pali zizindikiro zina zimene sizilola kudikira tsiku la msika. Mkodzo wa magazi, kutentha thupi pamodzi ndi kupweteka kwa m'mbali mwa msana, kulephereratu kukodza pamene mimba yatupa, ndiponso kudontha kwa mkodzo kumene kwayamba mwadzidzidzi pamodzi ndi dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, zonsezi zimafuna chipatala tsiku lomwelo.

Tsopano, achipatala akatsimikiza kuti vuto ndi chikhodzodzo chopupuluma, chithandizo chake chimakhala pamafuwa atatu, ndipo mayi aliyense amadziwa kuti mphika sukhazikika pafuwa limodzi. Fuwa loyamba ndi kusamala zakumwa. Tiyi, khofi ndi zakumwa za mtundu wa Coca-Cola zili ndi chinthu chotchedwa kafini, chimene chimachulukitsa mkodzo ndi kutekesa thumba, ndipo mowa, kaya ndi masese kaya kachasu, umachita chimodzimodzi. Komabe cholakwa chimene ambiri amachita ndi kusiyiratu kumwa madzi poopa kudzinyowetsa. Madzi akachepa m'thupi mkodzo umakhala wakuda ndi waukali, umayabwa khoma la thumba, umanunkha kwambiri, ndipo munthu amadzimbidwa, zimene zimangoonjezera vuto. Njira yabwino ndi kumwa madzi okwanira m'mawa ndi masana, pang'onopang'ono, ndi kuchepetsa chakumwa chilichonse, ngakhale thobwa, dzuwa likapendeka.

Fuwa lachiwiri ndi kuphunzitsa chikhodzodzo pamodzi ndi minofu. Thumba limene lazolowera kukhuthulidwa kamphindi kalikonse limaiwala kusunga, koma limatha kuphunziranso. Mkodzo wadzidzidzi ukabwera, munthu asathamange, chifukwa kuthamanga kumagwedeza thumba. Aime kapena akhale pansi, amange minofu ya pansi ngati akuletsa mpweya woipa kutuluka, apume modekha mpaka mphamvu ya mkodzoyo itatsika, kenako ayende mwachifatse. Sabata ndi sabata nthawi ya pakati pa maulendo imatalikitsidwa pang'ono, mpaka ifike maola atatu kapena pafupi ndi pamenepo. Kulimbitsa minofu ya pansi, kumene dokotala wa ku America Arnold Kegel anakufotokoza m'chaka cha 1948, ndiko kumanga minofuyo kwa kanthawi n'kuimasula, mobwerezabwereza, katatu patsiku, kwa miyezi yosachepera itatu. Munthu akhoza kuchita zimenezi akusenda mtedza, akusoka fodya m'chigafa, ngakhale ali pamsonkhano wa banki mkhonde, popanda wina kudziwa. Kwa mayi wa luzi lofooka, amene mkodzo umathawa akatsokomola, chithandizo chachikulu ndi chimenechi, ndipo sichilira ndalama. Chimalira kupirira basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Fuwa lachitatu ndilo mankhwala, ndipo apa nkhani ifatse. Mankhwala a chikhodzodzo chopupuluma ali m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba ndi la mankhwala otseka uthenga. Mitsempha ikafuna kuti mnofu wa thumba ufinye, imatulutsa timadzi totchedwa acetylcholine, timene tili ngati mthenga wogogoda pakhomo pa mnofuwo. Mankhwalawa amakhala pakhomopo kuti mthengayo asamveke msanga, ndipo thumba limadekha n'kusunga mkodzo wochulukirapo. Wamkulu wa onse m'gululi ndi oxybutynin, amene anavomerezedwa ku America m'chaka cha 1975, ndipo pambuyo pake panabwera ena monga tolterodine ndi solifenacin, amene anapangidwa ndi cholinga chochepetsa zovuta za woyambayo.

Kodi zovutazo ndi zotani? Walira mvula walira matope. Mthenga yemwe uja sagogoda pachikhodzodzo pokha, amagogodanso pamene pamachokera malovu, m'matumbo, m'maso, pakhungu ndi muubongo, ndipo mankhwala akamutsekereza, amamutsekereza konseko. N'chifukwa chake womwa mankhwalawa amauma m'kamwa, amadzimbidwa, amaona zinthu mwachimbuuzi, ndipo thukuta limachepa. Kuchepa kwa thukuta si nkhani yaing'ono kwa mlimi amene akugalauza m'dzuwa la October kapena kuthirira nazale ya fodya masana, chifukwa thukuta ndilo limaziziritsa thupi, ndipo likasowa munthu akhoza kutenthedwa mpaka kukomoka. Kwa okalamba chiopsezo chachikulu chili muubongo: agogo amene dzulo anali bwinobwino amayamba kuwodzera, kusokonezeka maganizo, kuiwala, kapena kugwa, ndipo abale amaganiza kuti ndi ukalamba chabe kapena kuti alodzedwa, pamene gwero ndi piritsi. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wapeza kuti okalamba amene amamwa mankhwala a gululi kwa zaka zambiri amapezeka kawirikawiri ndi matenda oiwalaiwala, n'chifukwa chake madokotala amayamba ndi mlingo wochepa ndipo amapewa oxybutynin kwa nkhalamba zofooka. Vutoli limakula ngati munthu akumwanso mankhwala ena otseka mthenga yemweyo, monga Piriton wa chimfine ndi ziwengo, kapena amitriptyline. Amene ali ndi mtundu wina wa matenda a maso otchedwa glaucoma, pamene madzi a m'diso amapanikiza mtsempha woonera, sayenera kumwa mankhwalawa achipatala asanavomereze, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa ayenera kunena msanga za mmene alili.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala omasula thumba. Awa satseka mthenga, koma amalimbikitsa njira ina imene thupi limagwiritsa ntchito pouza mnofu wa thumba kuti umasuke nthawi yodzaza. Wodziwika m'gululi ndi mirabegron, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Japan m'chaka cha 2011. Ubwino wake ndi wakuti saumitsa m'kamwa kwambiri ndipo sasokoneza ubongo monga a gulu loyamba, koma akhoza kukweza BP, kotero kuti womwa ayenera kuyezetsa BP yake kawirikawiri, ndipo amene BP yake ili pamwamba kwambiri sayenera kumwa. Ndi mankhwala okwera mtengo, ndipo mofanana ndi ena atsopano, munthu wakumudzi sangayembekezere kuwapeza pachipatala chaching'ono chilichonse. Mankhwala ena a TB ndi ma ARV ena amasintha mphamvu ya mankhwala a chikhodzodzo m'thupi, chimene ndi chifukwa china chopitira ndi buku la kuchipatala.

Kodi munthu ayembekezere chiyani akayamba kumwa? Mankhwalawa sagwira ntchito ngati Panado amene amaziziritsa mutu tsiku lomwelo. Pamatenga pafupifupi milungu inayi kuti phindu lake lioneke bwino, ndipo kwa ambiri phindulo ndi kuchepa kwa maulendo ndi kudontha, pamene kuumiratu kumabwera kwa ena okha. Anthu ambiri amasiya mankhwalawa pakapita miyezi yochepa chifukwa cha kuuma m'kamwa ndi kudzimbidwa. Wotopa nawo abwerere kuchipatala, chifukwa mlingo ukhoza kuchepetsedwa, mtundu ukhoza kusinthidwa, ndipo kudya masamba, zipatso ndi nsima ya mgaiwa kumathandiza m'mimba. Mankhwala amagwira bwino kwambiri pamene mafuwa awiri aja akadali pamalo pake. Kwa amayi amene anasiya kusamba, pamene khungu la njira ya mkodzo ndi la kumaliseche lauma ndi kupyapyala, madokotala nthawi zina amapereka mafuta opaka okhala ndi oestrogen, timadzi ta m'thupi la mkazi timene timachepa msambo ukatha. Ndipo kwa ochepa amene zonsezi zalephera, m'zipatala za akatswiri m'mayiko ena amabaya mnofu wa thumba ndi mankhwala otchedwa Botox, amene amaufooketsa kwa miyezi ingapo.

Tsopano mawu apite kwa abambo. Bambo wachikulire amene amadzuka kanayi usiku akhoza kuganiza kuti vuto lake ndi lofanana ndi la akazi ake, n'kumwa nawo mapiritsi awo. Apa pali ngozi yeniyeni. Ngati njira yapanidwa ndi pulositeti, thumba limakhala likulimbana kale kuti likankhe mkodzo pakhomo lopapatiza, ndipo piritsi lofooketsa mnofu wa thumbalo likhoza kutsekeratu mkodzo, mpaka munthu kunyamulidwa usiku pangolo kapena panjinga yamoto kuti akamuike kapaipi. Mankhwala a pulositeti ndi ena. Alipo omasula khomo, monga tamsulosin, amene amayamba kuthandiza m'masiku ochepa koma amabweretsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Aliponso ochepetsa kachiwaloko, monga finasteride, amene amatenga miyezi isanu ndi umodzi kuti aonetse mphamvu. Kuyeza kumathandizanso kusiyanitsa kukula wamba kwa pulositeti ndi khansa, imene imatha kukhala ndi zizindikiro zofanana. Apanso lamulo ndi lomwe lija: kuyeza kutsogole, piritsi lidze pambuyo.

Nkhani ibwererenso kwa mayi wa fisitula, chifukwa iye ndiye amasenza katundu wolemera koposa. Chibowo chija chimabwera pamene mutu wa mwana wapanikiza chikhodzodzo pafupa kwa tsiku lathunthu kapena kuposerapo, magazi n'kuleka kufika pamalopo, mnofu n'kufa. Kawirikawiri mwanayo amabadwa wakufa, ndipo mayi amabwerera kumudzi chimanjamanja, mkodzo ukutsika m'miyendo. Gwero lake si ufiti, ndiponso si chilango cha kuyenda ndi amuna ena monga ena amanenera mayi akachedwa kuchira. Gwero ndi kuchedwa kufika pamene pali opaleshoni, makamaka m'nyengo ya mvula pamene misewu ya m'mapiri yaterera, ndiponso kutenga pakati mtsikana asanakhwime. N'chifukwa chake kupita msanga kuchidikiro kumateteza, ndiponso lamulo lalikulu la dziko lino, limene m'chaka cha 2017 linasinthidwa kuti ukwati uziyambira pazaka 18, limateteza ana aakazi ku vuto limeneli. Palibe piritsi kapena muzu umene ungatseke chibowo. Chimasokedwa ndi madokotala, ndipo ambiri amachira. Pachipatala cha Bwaila ku Lilongwe pali malo apadera othandizira amayi otere, amene amayendetsedwa mothandizidwa ndi bungwe la Freedom From Fistula, ndipo chithandizo chake ndi chaulere. Chaka chilichonse pa 23 May dziko lonse lapansi limakumbukira nkhondo yothetsa fisitula. Amayi ena, chibowo chitasokedwa, amapitirizabe kudontha pang'ono chifukwa thumba linachepa kapena linasanduka lopupuluma, ndipo pamenepo ndi pamene madokotala amatha kupereka mankhwala onga oxybutynin, atayeza kaye.

Mawu ena ndi okhudza kumene mankhwala amagulidwa. Pamisika ya kumidzi pamapezeka ogulitsa mapiritsi ndi makapisozi oyalidwa padzuwa, opanda dzina, opanda tsiku lothera mphamvu, ndipo munthu wa manyazi amaona ngati n'chapafupi kunong'oneza wogulitsayo kusiyana ndi kufola pamzere kuchipatala. Koma wogulitsa sayeza mkodzo, sadziwa za pulositeti, safunsa za maso. Makapisozi opha tizilombo sachita kanthu pachikhodzodzo chopupuluma, ndipo kuwamwa mwachisawawa kumangolimbitsa tizilombo kuti tsiku lina mankhwalawo adzalephere pamene akufunikadi. M'dziko muno muli bungwe la boma la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene limapereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala, ndipo malo oyenera kugulako ndi okhawo amene ali ndi chiphaso, munthu atanyamula kalata ya dokotala.

Chatsala ndi chimene chimalepheretsa zonsezi, ndicho manyazi. Mayi amene kale ankatsogolera nyimbo pamaliro amayamba kukhala kumbuyo, kufupi ndi njira yotulukira. Kenako amasiya kupita kumpingo, amasiya kukwera galimoto, amayanika nsanza zake mobisa kuseri kwa nkhokwe. Agogo amakalipiridwa ndi adzukulu chifukwa cha fungo la mphasa, ndipo ena amathyoka mwendo pothamangira kuchimbudzi mumdima. Kodi ukalamba ndiwo walakwa? Ayi. Kudontha kwa mkodzo kumachuluka ndi msinkhu, koma ndi matenda monga ena onse, ndipo ambiri amapeza mpumulo akathandizidwa. Banja lingachite zambiri ndi zochepa: kachidebe kovindikira pafupi ndi pogona, tochi pamutu pa mphasa, njira ya kuchimbudzi yolambulidwa bwino, madzi ndi sopo wotsukira khungu ndi mafuta odzola kuti lisasupuke, ndiponso munthu mmodzi woperekeza wodwala kuchipatala. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, amayi a mvano, anankungwi ndi mafumu ali ndi mwayi wotchula vutoli poyera kuti amene ali nalo adziwe kuti sali okha. Woseka lero akumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pomaliza, mfundo za lero zibwerezedwe. Mkodzo umadontha pazifukwa zosiyana, ndipo mapiritsi a chikhodzodzo amathandiza makamaka chikhodzodzo chopupuluma. Luzi lofooka limafuna kulimbitsa minofu, pulositeti ili ndi mankhwala akeake, ndipo fisitula imasokedwa. Mankhwala ndi fuwa limodzi mwa atatu, amatenga milungu kuti agwire, ndipo kwa okalamba amafuna diso la achipatala ndi la abale. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko choyamba chimene wodwala ayenera kutsekula ndi pakamwa pake, pouza anamwino zimene wakhala akubisa. Kuyeza kutsogole, piritsi lidze pambuyo.